Livu ya m'Chitini cha Bisiketi

Ana inu, khalani pansi. Ndikudziwa kuti mukuwerenga, simukundimva ndi makutu, komabe khalani pansi, chifukwa ine ndikagwira cholembera ndimakuwa chimodzimodzi ndi pakamwa. Agogo anu aakazi, malemu Nachisale, ankati mawu anga amamveka ku Wembley ine ndili kuno ku Ilford, ndipo sindinawatsutsepo. Zilembo zikakhota musaseke. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3 kwathu ku Mchinji, koma ndayendetsa galimoto m'mayiko atatu osagundapo ngakhale nkhuku.

Wandilembetsa ndi iwe Tadala. Loweruka lapitali munabwera kudzalongedza katundu wanga, poti mayi anu alamula kuti masitepe a fulati ino andikulira, ndizikakhala nawo ku Edmonton. Iwe unatulutsa chitini changa cha bisiketi pansi pa bedi, n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu, n'kunena m'Chingerezi chako chothamangacho kuti ndi rabishi, zonse masiku ano zili pafoni. Ndinakuwa mpaka mchimwene wako Yankho anagwetsa ketulo. Ndinakuwadi, sindikukana. Koma sindinakuuze chifukwa chake, ndiye ndi ichi.

M'chitinimo muli zinthu zitatu. Muli kalata, muli setifiketi, muli kachipewa kakuda kakang'ono ngati chivindikiro cha kapu. Zina zonse mukhoza kutaya, ngakhale sofa.

Ndiyambe ndi mmene ndinafikira kuno. Ine sindinali wandale. Ndinali dalaivala wa bwana wina wamkulu m'boma, ndipo masiku amenewo bwana akakangana ndi eni dziko, dalaivala wake nayenso wakangana nawo. Ankati makutu a dalaivala amamva zonse za kumpando wakumbuyo. Anzanga awiri anatengedwa, sitinawaonenso. Ine ndinadutsa wapansi m'minda ya fodya mpaka ku Chipata, kwawo kwa bambo anu a Tembo, kumene amayankhula Chinyanja chodula michira. Ku Lusaka ndinakhala zaka zingapo, Nachisale ananditsatira, kenako a mpingo anatithandiza kufika ku London. Tinatsika ndege mwezi wozizira, ine nditavala jekete ya ukwati. Mphepo inalowa m'jeketemo ngati ili kwawo.

Ntchito yoyamba yokhazikika ndinaipeza ku sunagoge, nyumba yopemphereramo Ayuda, chakumtunda kuno. Ndinali wosamalira nyumbayo: kusesa, kutsegula, kutseka, kuyatsa boyila yotenthetsa m'nyumba. Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti ndikakumana ndi anthu a m'Baibulo, a mikanjo ndi nkhosa. Ndinapeza madalaivala a matakisi akuda, ogulitsa nsalu ndi madokotala, onse akukangana za mpira.

Amene ankandiyang'anira anali a Fishimani, telala wamfupi wa magalasi ochindikala, mmodzi wa akulu a sunagogeyo. Nditamva kuti dzinalo likukhudza nsomba ndinayamba kuwatcha aNsomba, iwo n'kuvomera. Dzina langa la Mbewe linkawavuta, ankati Embewe, ndipo mpaka imfa yawo sanalikonze.

Mudziwe kuti Ayuda opemphera kwambiri sayatsa moto kapena magetsi pa Sabata, kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka likalowanso. Komanso sayenera kukutuma mwachindunji kuti uwayatsire. Ine izi palibe anandiuza. Loweruka langa loyamba boyila inazima. ANsomba anabwera pamene ndinaima, akupukusa manja.

"Embewe, muno mwazizira."

"Mwaziziradi, bwana," ndinatero.

Anandiyang'ana. "Mwazizira kwambiri, Embewe. Kuli agogo okalamba kumbuyoku."

"Zoona, bwana. Dziko lanu lino ndi lovuta."

Tinaima choncho, amuna awiri akuvomerezana za nyengo, anthu akunjenjemera m'mabenchi. Mayi wina ndiye anadutsa n'kunena mokweza kwa khoma, osati kwa ine, kuti akanakhala ndi makiyi a boyila akanadziwa chochita nawo. Ndinathamanga. Kuchokera tsiku limenelo Myuda akangokhudza kolala ya jekete, ine ndili kale pa boyila. Zaka zonse zimene ndinagwira kumeneko palibe anazizidwanso, kafunseni.

Tsopano kalata. Nthawi imeneyo tinkakhala ndi mapepala a miyezi yowerengeka, akatha kukapemphanso. Mayi anu anali khanda. M'mawa wina inafika envulopu yakhaki yochokera ku ofesi yoona za alendo. Nachisale anali ku ntchito kuchipatala chachikulu cha ku Edmonton, kumene ankasambitsa odwala. Ndinatsegula ndekha. Chingerezi cholankhula ndinali nacho, chokwanira kukangana ndi kondakitala wa basi, koma cholembedwa ndinkachitola limodzilimodzi ngati mtedza wogwera mumchenga. Ndinatsatira ndi chala mpaka ndinapeza liwu limene ndinkalidziwa bwino: livu.

Liwu limeneli ndinkalidziwa mitundu iwiri. Kwathu livu ndi tchuthi cha kuntchito. Kuno ndinalimva kwa mwini nyumba wina amene anatipeza tikuyang'ana chipinda, n'kutiloza khomo. Livu, tulukani. Boma la Angerezi silikanandilembera kalata yondipatsa tchuthi. Ndiye ndinadziwa kuti akutithamangitsa, ndipo kothamangitsidwirako ndinkakudziwa. Pabwalo la ndege kwathu pakanakhala anthu ondidikira, osati abale.

Mukuti bwanji simunamuonetse Nachisale, poti iye anafika Fomu 2? Funso labwino, Yankho, ndikukuona ukulifunsa. Yankho lake ndi lakuti ndinali mwamuna wonyada. Ndinkati mutu wa banja sabweretsa mantha pakhomo asanapeze njira. Ndinabisa kalatayo m'sokosi masabata atatu. Ndinaonda. Ndinkayenda pa Ilford ndikuyang'ana wapolisi aliyense m'maso kuti ngati ndi iyeyo andigwire ndili chiimire. Njira imene ndinapeza inali yopusa: ndithawire kumpoto kwa dziko lino ndekha, ndisinthe dzina, kuti mwina mkazi ndi mwana awasiye.

Loweruka m'mawa, mapemphero atatha, ndinapita kwa aNsomba ndi makiyi m'manja.

"Bwana, ndikusiya ntchito. Makiyi anu awa."

"Lero ndi Sabata, Embewe. Sindilandira makiyi, sindichotsa munthu ntchito, sindilemba wina. Wakulakwira ndani?"

"Boma."

Ndinavula nsapato pomwepo pakhonde la sunagoge, n'kutulutsa kalata m'sokosi. ANsomba anabwerera m'mbuyo pang'ono, kaya chifukwa cha Sabata kaya chifukwa cha sokosi, sindinafunse. Makalata a ntchito sawerenga tsiku limenelo. Koma anandiyang'ana nkhope, n'kunena kuti, "Gwira iwe, utambasule. Kwezako pang'ono. Munthu akaoneka mmene ukuonekeramu, Sabata limadikira."

Anawerenga manja ali kumbuyo, mphuno pafupi ndi pepala. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Wakuwerengera ndani kalatayi?"

"Ndawerenga ndekha."

"Zikuoneka. Embewe, livu iyi si yotuluka. M'Chingerezi cha maloya, livu ndi chilolezo. Akuti akukulola kukhala m'dziko lino popanda tsiku lothera. Iwe, mkazi wako, nonse."

Ndinakhala pansi pa sitepe, nsapato imodzi m'manja. Ndinafunsa kuti anthu anzeru zawo angatenge bwanji liwu limodzi kuti litanthauze choka, litanthauzenso khala. ANsomba anati, "Limenelo ndi funso loyamba lanzeru limene wafunsa chibwerere. Ubwere ku shopu Lolemba, ndidzakuyankhe."

Za Nachisale nditamuuza madzulo ake sindilemba. Mawu amene ananena si a m'buku la ana.

Lolemba ndinapita ku shopu yawo ya utelala ndili ndi chimwemwe, ndikuyembekeza kuti tikamwa tiyi wa chikondwerero. Tiyi tinamwa, koma aNsomba sanaseke. Anali ndi mapini pakamwa, akupinda thalauza la munthu.

"Wasangalala?"

"Kwambiri, bwana. Tsopano ndine wa kuno."

"Ayi. Tsopano walolezedwa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ife Ayuda tikuzidziwa bwino, tazilawa m'dziko lomwe lino."

Ndiye anandiuza mbiri, osati tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono pa zaka zambiri, ine nditakhala pa mpando wa makasitomala. Ndikupatsani mmene ndinaisungira m'mutu, poti m'mutu mwanga ndi mmene muli laibulale yanga.

Kalekale, anatero, Ayuda ankakhala mu England muno pansi pa dzanja la mfumu. Mfumu inawalembera kalata yowateteza, koma inkawateteza ngati mmene munthu amatetezera ng'ombe zake za mkaka. Anali ake. Patapita nthawi anawalamula kusoka chizindikiro pa malaya kuti aziwonekera patali. Kenako mfumu ina inadzuka n'kunena kuti onse atuluke, n'kuwapatsa tsiku. Anatuluka, akulu ndi makanda, ndipo kwa zaka zoposa mazana atatu Myuda sankaloledwa kukhala kuno poyera.

"Dzanja limene linalemba kuti khalani," anatero aNsomba, "ndi lomwelo linalemba kuti chokani. Ukudabwa kuti liwu lake ndi limodzi?"

Pamene anabwerera, sipanalembedwe lamulo lowalandira. Wolamulira wa nthawiyo anangoyang'ana kumbali. Anawalola kupemphera m'nyumba mwakachetechete ndi kugula kadziko ka manda. Ankakhala ngati munthu wogona pakhonde la mwini wake, amene amatsokomola motsitsa kuti asakumbutse eni nyumba kuti alipo. Nthawi ina Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lothandiza Ayuda obadwira kunja kukhala nzika. Anthu anachita phokoso m'misewu ndi m'maguwa, ndipo pasanathe nthawi lamulolo linafufutidwa. Anawapatsa ndi dzanja ili, n'kulanda ndi ilo.

Imene inkandikwiyitsa kwambiri ndi ya lumbiro. Patapita zaka zambiri, Myuda wina anasankhidwa ndi anthu a mu London kukhala phungu. Atafika kuti akhale pa mpando, anamuuza kuti alumbire, ndipo m'lumbiromo munali mawu akuti akulumbira pa chikhulupiriro choona cha Mkhristu. Iye anati mawu amenewo sanganene. Anati ndiye tuluka. Anthu anamusankhanso. Anabweranso, anakananso, anatulukanso. Zaka zoposa khumi mpando uli wake koma osaukhalira, mpaka anasintha malamulo a lumbirolo.

Ine ndinati, "Akanangonena mawuwo motsitsa, n'kukhala pansi. Mulungu akanamvetsa."

ANsomba anachotsa mapini pakamwa. "Iwe unathawa kwanu chifukwa chiyani? Sukanangonena mawu amene ankafunawo motsitsa?"

Ndinamwa tiyi.

Za iwo eni anandiuza kamodzi kokha. Anabwera kuno ali mwana wa zaka khumi ndi bambo awo, kuthawa ku Jeremani nkhondo yaikulu ili pafupi. Bambo awo anali nzika ya kumeneko, anamenyerako nkhondo yoyamba, koma unzikawo anawalanda. Angerezi anawalola kulowa, ndipo aNsomba ankathokoza zimenezo moyo wawo wonse. Koma nkhondo itayamba, apolisi anabwera kudzatenga bambo awo, n'kukawatsekera pa chilumba china pamodzi ndi ena ambiri, ati ndi alendo ochokera kwa adani. Munthu wothawa mdani, kumutsekera ngati mdani. Anatuluka patapita miyezi, koma kuyambira pamenepo sutikesi yawo inkakhala yolongedza pamwamba pa wadirobu.

Apa ndinaganiza kuti ndawagwira. Ndinati, "Ndiye mwaona, bwana. Bambo anu anali nzika ku Jeremani, anawalandabe. Ufulu wa unzika nawonso umalandidwa."

"Umalandidwa," anatero. "Sindikunamiza. Koma kuti alande ufulu amayenera kuthyola lamulo lawo masana, anthu akuona, ndipo ena amakuwa. Chilolezo amangochibweza ndi kalaliki mmodzi ndi sitampa. Tenga unzika, Embewe. Fomu ndikupezera, ndikusainira ngati mboni."

Ndinakana. Ndinakana chaka chimenecho, ndi chotsatira, ndi zaka zoposa khumi. Masiku amenewo lamulo la kwathu linkati ukatenga unzika wa dziko lina, wa Malawi watha. Ine, Mbewe, mwana wa Mchinji, ndisaine pepala lakuti sindinenso Mmalawi? Ndiye kuti ondithamangitsa aja apambana. Ndinkati ndine mlendo kuno, ndikungodikira kuti kwathu kuche. Chaka chilichonse nthawi ya Pasika wawo, aNsomba ankandipatsa paketi ya mikate yawo yopanda yisiti, yowuma ngati katoni, ndipo pansi pa paketiyo pankakhala fomu. Mikate tinkadya ndi majarini. Fomu ndinkayalira pansi pa chitini cha penti.

Kenako kwathu kunachadi. Anthu anavotera zipani zambiri, othawa anayamba kubwerera, ine ndinalandira pasipoti ya dziko langa. Ndinavina pa Ilford Lane masana, mayi anu ali mtsikana wa sekondale anabisala kuseri kwa basi ndi manyazi. Pomwepo inafika kalata ya mlongo wanga yakuti amayi athu agwa, mbali imodzi yafa, ndipo akutchula dzina langa. Ndinali ndisanawaone zaka zoposa makumi awiri. Tinagwirizana ndi Nachisale kuti iye atsale ndi ana ndi ntchito yake, ine ndipite ndikakhale ndi amayi mpaka Mulungu atachita kufuna kwake.

Nditapita kukatsanzika, aNsomba anafunsa, "Ukakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Mmene amayi angafunire."

"Livu yako ili ndi chingwe, Embewe. Ukakhala kunja zaka ziwiri zathunthu, imafa yokha. Pobwera adzakufunsa kuti ndiwe yani. Mkazi wako ndi ana ali mkati, iwe uli panja."

"Kalata ikuti popanda tsiku lothera. Munawerenga nokha."

"Ndinawerenga. Ndawerenganso zimene sanalembe m'kalatamo. Ukanakhala nzika ukanapita zaka khumi, chitseko chili chako."

Ndinawauza kuti amaopa mthunzi wawo womwe. Ndinawauza mokweza, m'shopu mwawo, kasitomala ali pomwepo. Iwo anangondiyeza ndi maso, n'kunena kuti jekete yanga ndi yaitali manja, ndiisiye aikonze ndisananyamuke.

Kwathu ndinapeza amayi ali pa mkeka, ochepa ngati mwana. Anandigwira nkhope ndi dzanja limene linkagwira ntchito, n'kunena kuti, "Wanenepa ngati mzungu, koma mawu ndi omwe aja." Ndinawasamala ine. Ndinkawanyamula kupita nawo padzuwa, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuwatengera kuchipatala pa ngolo. Ndinafolera nyumba yawo ndi malata. Ndinalima nyengo ziwiri, manja a boyila aja anatuluka matuza n'kuuma. Anthu ankati afa mwezi uno, iwo osafa. Amayi anga anali ouma mutu, mtundu wake ndi womwe uno.

Mwezi wa makumi awiri ndi chiwiri, Nachisale analemba. Mkati mwa kalata yake munali kapepala ka aNsomba, ka mizere iwiri, kamene mphunzitsi wa pamudzi anandiwerengera. Anati ndawerenga masiku pa kalendala ya m'shopu, watsala ndi masabata asanu ndi awiri.

Ana inu, pa moyo wanga ndathawapo apolisi, ndagonapo m'munda wa fodya, koma sindinavutikepo ngati masabata amenewo. Ndikatsala, nditaya khomo la kwa mkazi wanga ndi ana anga. Ndikapita, ndisiya amayi pa mkeka, ndipo ulendo wa ndege sunali wokwera kawiri pachaka kwa munthu wosesa. Amayi anaona kuti sindikudya. Nditawafotokozera, anandifunsa.

"Ndiye kumene ukukhalako amachita kukuloleza?"

"Eya, amayi."

"Zaka zonsezi? Ine ndimauza anthu kuti mwana wanga ali ndi mudzi ku Ulaya." Anatembenukira kukhoma. "Pita kwa ana ako. Ine ndakuona."

Ndinatsika ndege kuno kutatsala masiku asanu ndi anayi. Wa pa geti anatembenuza pasipoti, anawerenga miyezi ndi chala, anandiyang'ana, n'kudinda. Patapita masabata atatu amayi anamwalira. Uthenga unandipeza atayikidwa kale. Ine mwana wawo woyamba sindinaponye dothi.

Musandimvere chisoni, sindinalembe kuti mundimvere chisoni. Palibe mfumu imene inandichita zimenezi. Fomu inabwera pakhomo panga koposa kakhumi, pansi pa mikate, ine n'kuyalira penti.

Sabata yotsatira ndinalowa m'shopu ya aNsomba. Sindinapereke moni. Ndinati, "Fomu ija." Iwo sananene kuti ndinakuuza, ngakhale kamodzi. Anatsegula dirowa ya mabatani, fomu inali momwemo. Anati kwa Ayuda munthu woferedwa amakhala pa mpando waufupi ndipo anzake amabwera kudzakhala naye osayamba kuyankhula. Anakoka kampando koikapo phazi poyeza thalauza, ndinakhalapo, iwo anakhala pambali panga. Shopu inatsekedwa masana onse. Fomu tinalemba mawa lake, iwo akufunsa, ine ndikuyankha.

Masiku ano ndimamva kuti olandira unzika amawachitira mwambo ku holo ya khonsolo, ndi nyimbo ndi makeke. Nthawi yanga kunalibe. Unkapita kwa loya, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu, n'kulumbira. Nachisale anali pa shifiti, ndiye ndinapita ndi aNsomba, atandisokera suti yabuluu imene munaiona pa zithunzi za ukwati wa mayi anu. Loyayo, mnyamata wotopa, anafunsa ngati ndilumbira pa Baibulo kapena ndingolonjeza, kapena ndili ndi buku lina la chipembedzo changa.

ANsomba anandigunda ndi chigongono. "Wamva? Akukufunsa. Funso limeneli silinagwe kumwamba. Anthu anaimirira panja zaka ndi zaka kuti lizifunsidwa."

Ine ndine Mkhristu, mawu akale aja sakanandivuta. Koma ndinaganiza za munthu uja woima kunja kwa mpando wake, ndinaganiza za amayi akutembenukira kukhoma. Ndinagwira Baibulo, loya akutchula mawu, ine ndikubwereza. Ndinabwereza ndi mawu anga onse. Mlembi wa m'chipinda china anatsegula chitseko kudzaona ngati kuli ndewu. Loya anati sikofunika kukuwa, bambo. Ndinati ndikufuna amve ndi a pansi.

Tikutsika masitepe ndinafunsa aNsomba ngati tsopano ndine wa kuno. Anati, "Tsopano ukhoza kukangana nawo ngati mwini nyumba. Usasiye kuyang'ana, koma sutikesi itsitse pa wadirobu."

Setifiketi ya m'chitini ndi imeneyo. Inandidyera pasipoti ya kwathu, ndipo pamene ndinapita kukaika mwala pa manda a amayi ndinaima pa mzere wa alendo m'dziko limene ndinabadwira. Zinawawa, koma ndinakhala miyezi imene ndinafuna, osawerenga masiku. Pano akuti lamulo la kwathu lasintha, munthu akhoza kukhala ndi ziwiri. Inu zinthu zimakupezani zophikaphika.

Kachipewa ndi ka aNsomba. Atamwalira ndinapita ku maliro awo. Kwa iwo mwamuna salowa kumanda mutu uli pamtunda, ndiye mwana wawo wamkazi anandipatsa kachipewa ka bambo ake ka masiku onse. Kumanda kwawo aliyense amagwira fosholo n'kuponya dothi. Itafika nthawi yanga ndinaponya mafosholo atatu monga onse, kenako ndinaponya lachinayi. Palibe anafunsa kuti linalo ndi la yani. Pobweza kachipewako mwana wawo anakana, anati bambo ankanena kuti Embewe mutu wake ndi waukulu, pamafunika chouphimba.

Tsopano iwe Tadala, wa zonse zili pafoni. Iwe ndi Yankho munabadwira kuno, pasipoti zanu munazipeza ngati mmene munapezera mano. Koma bambo anu a Tembo akhala m'dziko lino zaka zoposa makumi awiri, akuyendetsa sitima za pansi pa nthaka, ndipo ali ndi chiyani? Livu. Ya pafoni, yopanda ngakhale pepala loika m'sokosi. Ndikawafunsa amati, "Tizaona, atate, manje nili bize." Ndipo Khirisimasi yapitayi ndinawamva ndi makutu anga akunena kuti akapuma ntchito akufuna akakhale ku Chipata zaka zingapo, poti amayi awo akukalamba.

Ine mkamwini sindingamukalipire, mwambo sulola, ndiponso ndikayamba ine amva ndi a nyumba zoyandikana. Ndiye tichita chonchi. Loweruka vani yonyamula katundu ikabwera, chitini chikwera kutsogolo, pa miyendo panga. Lamlungu tikachoka ku tchalitchi, tonse tili pa tebulo ku Edmonton, iwe udzatsegula chitinicho, udzatulutsa kalata yakhakiyo, udzawerengera bambo ako mokweza, liwu ndi liwu, ndi Chingerezi chako chabwinocho. Ukamaliza udzawerenge zimene ndalembazi, Chichewa chikakuvuta mayi ako akuthandiza.

Fomu ndapeza kale. Yankho wandisindikizira ku laibulale, ngakhale akuti masiku ano amalemba pa kompyuta. Ndagulanso paketi ya mikate yowuma ija ku shopu ya Ayuda imene yatsala. Ndidzaika fomu pansi pake, ndidzakankhira kwa a Tembo, ndipo ine sindidzanena kanthu. Ndidzangoti muno mwazizira.